Chipsera cha pamkono pa NyaGondwe

Overtoun anawaona komaliza amayi ake pageti la chipatala, akutsika panjinga yake ya kabaza. Anatsika pang'onopang'ono, dzanja lili pamimba, mapazi atatupa moti m'patapata munkangolowa zala zokha.

"Pita ukanyamule anthu," anatero NyaGondwe. "Ukamuuze mlongo wako Eness asamawononge makala."

"Amama, ndikhale nanu pang'ono."

"Kodi ndi yoyamba? Yewo, mwanangu, pita."

Inali mimba yachisanu ndi chitatu. Onse awiri ankakumbukira mawu a dokotala pa yachisanu ndi chiwiri, atawang'amba kachiwiri: chiberekero chapyapyala ngati chitenje chakale, mimba ina idzachiphulitsa. N'chifukwa chake NyaGondwe anakaikitsa mwakachetechete timapulasitiki tolera pamkono, n'kumavala mabulauzi a manja aatali ngakhale dzuwa la mu Okutobala likuswa mtengo.

Anatulukira chinsinsicho ndi ankhazi, mlongo wa bambo ake a Overtoun, atabwera kudzacheza ku Mchengautuwa. Ankawatwika alamu awo ndowa ya madzi, n'kuwagwira pamkono. Chala chinapeza chimene maso sanaone.

Nkhani inakambidwa pakhonde, Overtoun akupopa tayala chapafupi.

"Ng'ombe za malowolo zinapita zonse, palibe inabwerera," anatero ankhazi. "Ndiye mlamu atseke yekha? Atsikana onsewa adzapita kwa eni ake. Wamwamuna ndi mmodzi, nayenso sukulu inamukana."

Sukulu sinamukane. Overtoun anasiya koleji chaka chachiwiri chifukwa malipiro a bambo ake, a Boniface Mhango, mlonda wa pasitolo, ankathera m'kamwa mwa ana fizi isanaganiziridwe n'komwe.

"Adada, paja adokotala anachenjeza," anatero Overtoun.

"Adokotalawo ndi amene anandipatsa ana enawa? Amayi ako ndi olimba chomene, sanagonepo ndi mutu womwe. Mwana amabwera ndi mbale yake."

Sabata yotsatira a Mhango anawaperekeza okha NyaGondwe kukachotsa timapulasitiki tija. NyaGondwe anabwera ndi kachipsera pamkono, ndipo mawa lake anasenza beseni la tomato kupita kumsika ngati kale.

Kuyambira pamenepo mantha anakwera panjinga ya Overtoun osatsikanso. Mimba ikamakula, iye ankaonda. Foni ikalira m'thumba ali pachitunda, ankaima pomwepo kuti aiyankhe. Ankadzera kumsika popanda chifukwa, n'kuima patali, kuti angoona ngati mpango wa amayi ake ukuonekabe pamzere wa tomato.

Foni imene ankaiopayo inamupeza akupalasa kulowera ku Lupaso, mayi wina ali kumbuyo. Anali Eness, mlongo wake wa Fomu 3.

"Achimwene, mwana ndi wamwamuna. Ali bwino."

"Nanga amama?"

Eness anangopuma m'fonimo. Mayi wa kumbuyo uja anatsika yekha, osafunsa kanthu.

Maliro atatha, nyumba inayamba kuulula zimene inkabisa. Sopo, ufa, yunifolomu, mankhwala a mphumu a mlongo wake wamng'ono Mwawi, zonse zinkachokera m'beseni lija. A Mhango sankadziwa n'komwe kuti mwa ana awo ndani amabanika kukazizira. Khandalo linabwera lopanda mbale, likulirira mkaka wa m'chitini umene kabaza wa tsiku lonse sangaugule. Eness anapinda yunifolomu yake n'kubereka mwana kumsana. Ankhazi anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Wakula uyu," anatero. "Anthu ayamba kumufunsira."



Tsiku lina anawapeza bambo ake pakhonde, bulauzi ya manja aatali ili pamiyendo, mwana amene ankamufuna uja akulira m'nyumba.

"Anali wolimba chomene," anatero a Mhango, osadzutsa nkhope.

Overtoun anafuna kuwayankha ndi mawu olasa, koma anameza mawuwo. Analowa m'nyumba kukanyamula mng'ono wake. Bambo ake ankatunga kwa NyaGondwe, ankatunga, osasuzumiramo. Chitsime chimadziwika kuya chikaphwa.

NyaGondwe anamwalira Lachinayi, pa 14 Malichi 2024.