Mmene Nankhoma Anathera Mtunda

Ana inu, mwambi uliwonse uli ndi kwawo. Uwu unabadwira pamsika wina waung'ono ku Ntcheu, pamene mayi Nankhoma ankagulitsa tomato.

Chaka china mphepo inasasula denga la nyumba yodikirira amayi oyembekezera pachipatala cha m'deralo. Mwana wamkazi wa Nankhoma anali ndi pakati, ndipo masiku ake ochira anali oti adzakwana mvula ili mkati. Choncho achinyamata atakonza mpikisano wothamanga makilomita 21 kuti apeze thandizo la dengalo, Nankhoma anakalembetsa. Munthu wake anali wojintcha, woti chikulire ankathamanga pokhapokha mbuzi ikalowa pa tomato.

Mlamu wake, a Chidzanja, mwini golosale, anaseka mpaka misozi.

"Alamu, inuyo? Mukakafika kumapeto ndi miyendo yanuyo, malata onse ndigula ine!"

"Anthu amva, alamu," anatero Nankhoma. "Musadzabweze mawu."

Tsiku loyamba kukonzekera anachita zimene amachita ongoyamba kumene. Anakwinda chitenje n'kuliyatsa liwiro pambuyo pa anyamata. Asanadutse n'komwe pachigayo anali ali gone m'mbali mwa msewu, mtima ukugunda ngati ng'oma. Manyazi anamugwira, koma manyazi safolera nyumba.

M'mawa mwake anayang'ana mapolo a magetsi amene anandanda mumsewumo. "Mtunda wonsewu ukundiopsa," anadziuza yekha, "koma polo ilo silikundiopsa." Anathamanga kukafika papolopo, n'kuyenda kukafika pa linzake, n'kuthamanganso. Amayi anzake apamsika anamupatsa dzina loti Tsokonombwe, chiwala chija chosauluka, chimene chimadumpha kamodzi n'kuima ngati chaiwala kumene chikupita. Miyezi inapita, kuyenda kuja kukuchepa, kuthamanga kukuchuluka.

Tsiku la mpikisano anzake onse anazimiririka kutsogolo. Nankhoma anatsala ndi mapolo ake. Koma chakumapeto njira inasiya mapolo aja n'kukwera chitunda chopanda ngakhale mtengo. Dzuwa linali litaswa, miyendo itauma gwa. Maso anasowa pogwira, ndipo kwa nthawi yoyamba anachita mantha.

Galimoto yotola otopa inaima pambali pake. A Chidzanja anasuzumira pawindo, nkhope itagwa.

"Alamu, kwerani. Mwayesetsa. Zija zinali nthabwala."

"Mdzukulu wanga sabadwira pamvula," anayankha Nankhoma akupuma mwawefuwefu. "Tsikani. Kaimeni apo. Polo langa ndinu."

A Chidzanja anatsika, nakaima patsogolo. Nankhoma anathamanga n'kuwagwira phewa.

"Sunthani!"

Anasuntha. Anawagwiranso. Chitunda chonse anachikwera motero, mwini golosale akutuluka thukuta m'nsapato zake za kutchalitchi.

Nankhoma anafika womalizira, anthu akupinda kale mahema. Amayi aja omuseka ndiwo anayambitsa nthungululu. A Chidzanja anakhala pansi pafumbi, nati, "Anthuni, tsokonombwe watha mtunda ndi kudumpha!"

Malata anagulidwa. Mdzukulu uja anabadwa mvula ikusokosera padenga latsopano, iye wosanyowa ngakhale chala.

Ndiye mukamva akulu akuti, "Tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha," dziwani kuti akunena za ntchito yokuposani msinkhu. Mulibe mapiko? Musaime n'kumalirira mtunda wonse. Dumphani pamene mungathe, pumani, dumphaninso, osabwerera. Mtundawo ndiwo udzayambe kutha, osati inu.