Zithunzi Zinkafika Ola Lililonse

Panali munthu wina amene sukulu anailekeza Fomu 2, koma manja ake ankadziwa mafoni. Atapeza ntchito ku Joni, anasiya mayi ake okalamba m'manja mwa mng'ono wake, Dausi, ndi azilongo ake awiri.

Asananyamuke anawagulira mayiwo foni, n'kuikamo kapulogalamu kamene analemba yekha. Ola lililonse kankajambula zimene zili pagalasi la foniyo, n'kudula chithunzicho tizidutswa, n'kutitumiza pa netiweki. Ku Joniko kompyuta yake inkakhala itatsegula khomo limodzi la pa netiweki, kudikira tizidutswato. Tizidutswa tikakwana, chithunzi chinkalumikizika.

"Mayi, mukamagwira foniyi ine ndiziona. Ndizidziwa kuti mwadzuka bwino."

"Nanga mawu ako ndiziwamva bwanji?"

"Ndiziimbanso."

Mwezi woyamba ankaimbadi. Wachiwiri anaimba kawiri. Kenako ankangotsegula zithunzi popuma masana. Ankaona nyimbo za kwaya, vesi la tsikulo, nambala za amayi a kumpingo. Mtima unkakhala pansi, n'kubwerera pa ntchito.

Tsiku lina zithunzi zinasintha. Kwaya inasowa. M'malo mwake munabwera mpira ndi mavidiyo a anthu ovina pa ukwati. Iye anaseka yekha. "Ukalamba uwu! Mayi ayamba mpira." Sanadzifunse kuti chala chikudina pamenepo n'cha yani.

Panapita masabata atatu. Lachinayi masana anatsegula chithunzi, n'kupeza uthenga umene wina anali asanamalize kulemba: "Amalume, tikuika mawa. Wa ku Joni musamuuze kaye, muzingoti akudwala."

Anaimba pomwepo. Anayankha ndi Dausi.

"Iwe, ndipatse mayi."

"Agona, achimwene. Thupi silili bwino kwenikweni. Mukadabwera."

"Agona pati? Pamphasa kapena m'bokosi?"

Pafonipo, chapatali, azimayi ankaimba nyimbo ya pamaliro.

"Foni unawalanda liti?" anafunsanso.

"Sitinawalande, achimwene. Anaisiya okha atayamba kufooka. Ankati mukaona kuti sakuigwira, muimba. Ife tinaona kuti mungadandaule kuntchitoko, ndiye tinkaigwira ndife, kuti zithunzi zanuzo zizioneka bwino."

Munthu uja anakwera basi madzulo omwewo. Anayenda masiku awiri. Anapeza mtumbira, nkhata zitayamba kale kufota. Abale anamuzungulira, aliyense ndi mawu ake okoma: limbani mtima, tinkakuganizirani, ndi mwambo wathu. Iye anapempha foni ija, anafufutamo kapulogalamu kake, n'kumubwezera Dausi.

"Kaonere mpira," anatero.

Tsono inu abale, inu amene mumati kubisa matenda ndi maliro n'kuchitira munthu chifundo, mvetserani. Mayi anagona masabata atatu kudikira kuti foni ilire, inu mukuidina kuti isalire. Chifundo chanucho chinamulanda mwana dothi loponya m'manda mwa mayi ake. Mwadya, mwasamba m'manja, mwabalalika. Iye adzasenza zimenezi mpaka naye adzaikidwe.

Nawenso amene uli kutali, usadzipatule. Chithunzi chikafika chathunthu, dziwa kuti makina ali bwino. Za munthu sunamve kanthu. Imba lero. Akakuuza kuti agona, uwauze kuti awadzutse.