Tsiku Limene Tcheniso Inakhala Chete

Pakhoma la shedi ya a Chitsa pankapachikidwa macheka aatali a zigwiriro ziwiri, aja amacheka anthu awiri, wina uku wina uko. Chigwiriro chimodzi chinasalala ndi thukuta la a Chitsa, chinacho ndi thukuta la alamu awo, mlongo wa akazi awo. Kwa zaka makumi atatu amuna awiriwa ankagwetsa mitengo ndi kuwaza nkhuni zopita ku bekale, kophikira buledi. Macheka oterewa ali ndi lamulo limodzi: sakankha. Umakoka, kenaka n'kufewetsa manja kuti mnzako naye akoke. Ndipo mtengo ukayamba kulira, mmodzi amayang'ana podulapo, wina amayang'ana kumwamba.

Dzina loti Chitsa anawapatsa ndi akazi awo, ati chifukwa bambowa akakana chinthu, ngakhale ubwere ndi ng'ombe zinayi sungawazule. Mayiwo ankadziwa powagwira. Atamwalira, panalibenso wowazula.

Patapita miyezi itatu, a Chitsa ndi alamu awo ali pakati pocheka bulugamu, macheka anapindika kawiri konse.

"Alamu, mukukankhatu," anatero alamu aja mofatsa. "Maganizo anu sali pano. Bwanji mupumeko sabata imodzi?"

"Ine kukankha? Macheka amenewa anakuphunzitsani ndani?"

"Ndinu, sindikukana ayi."

"Nenani zoona basi. Mlongo wanu wapita, ndiye mwaona kuti chibale chatha. Pitani mukapeze wa magazi otentha, ine ndidziwa chochita."

Alamuwo anatola chipewa chawo n'kubwerera kwawo, kutsidya kwa khwawa. Zoona zake n'zakuti a Chitsa ankakankhadi, ndipo iwo eni ankadziwa. Koma chisoni chinali chitawadzaza m'chifuwa, ndipo munthu woyandikira woti n'kumukhuthulira anali yekhayo.

M'mawa mwake analawirira ku sitolo ya zitsulo. Mayi wogulitsa anawayalira pa kauntala matcheniso atatu, makina aja odulira mitengo oyendera petulo: yaing'ono, yapakati, ndi ina yaikulu ya lilime lachitsulo lotalika ngati mwendo wa munthu.

"Mitengo yanu ndi yokula bwanji, achikulire?" mayiyo anafunsa.

"Ngati thupi langali."

"Ndiye tengani yapakatiyi. Siyolemera, mutha kugwira nayo mpaka masana mikono osanjenjemera. Yaikuluyo ndi ya ocheka matabwa, ndipo iwowo amalandirana awiri kapena atatu. Kodi inu mumagwira ndi ndani?"

"Ndekha. N'chifukwa chake ndikufuna yaikuluyo, izigwira ntchito ya anthu awiri."

Mayiyo anaseka, koma osati monyoza. "Mphamvu ili nazo, ngakhale za anthu asanu. Koma maso ilibe, makutu ilibe. Ikamalira simungamve mtengo ukuthyoka. Pamafunika wina woima patali, woyang'ana kumwamba."

"Mayi, ndabwera kudzagula makina, osati malangizo."

Anatuluka atasenza yaikuluyo, khosi litapindika asanafike n'komwe pokwerera basi.

Kunena zoona, tcheniso ija inali chilombo. Mtengo umene kale ankalimbana nawo mpaka dzuwa lili paliwombo, tsopano unkagwa mame asanaume. Nkhuni zinaunjikana kuseri kwa shedi mpaka mwini bekale anati apumire kaye. A Chitsa ankaweruka nthawi ya kum'mawa ndithu, ndipo m'pamene anazindikira kuti tsiku ndi lalitali. Kale madzulo ankathera ponola mano a macheka, wina atagwira, wina akukwecha, uku akukangana za mvula ndi za mpira. Tsopano ankakhala pakhonde okhaokha, m'makutu mukungoti nziii, mikono ikunjenjemera moti tiyi ankatayikira pa thalauza. M'chikwama chawo cha kuntchito munali makapu awiri. Ankatulutsa imodzi, inayo n'kuikankhira pansi kuti asaione. Ana anali kutali m'tauni, ndipo ankaimba foni Lamlungu lokha. Analidi osungulumwa, koma kuti avomere, zimenezo ayi.

Tsiku lina alamu aja anadutsa m'njira ya m'mphepete mwa munda wa mitengo. Anaima, navula chipewa.

"Mwadzuka bwanji, alamu?"

A Chitsa anawaona bwinobwino. Anakoka chingwe cha tcheniso, makina anabangula, moni uja n'kumizidwa m'phokoso. Atadzutsa mutu, m'njiramo munalibe munthu. Tsiku limenelo chakudya sichinawalowe.

Lachinayi lina m'mawa anafika pa bulugamu wopendekeka wa kumapeto kwa munda, kutali ndi msewu. Nthambi zake za kumwamba zinali zitakolana ndi za mtengo woyandikana nawo, zimene munthu woima patali akanaziona msanga. Koma woima patsinde amangoona tsinde. Anali atagwetsa kale mitengo iwiri, ndipo mikono inali italema ndi chimakina chija. Anacheka, nacheka. Mtengo unachenjeza monga imachitira mitengo yonse, koma a Chitsa sanamve kanthu. Thunthu linakhalira lilime la tcheniso n'kulipana, kenaka linapotoka n'kugwera kumene sanayembekeze. Pamene ankati athawe, nthambi yaikulu inali itawagwetsa chagada n'kuwapanikiza mwendo wamanzere pansi. Makina anatsokomola kamodzi n'kuzima.

Kunangoti zii.

"Mayo! Anthu inu, ndithandizeni!"

Mawu awo anakathera m'masamba. Foni inali m'thumba la jekete, jekete litakolekedwa pa chitsamba chimene ankachiona koma osachifikira. Anayesa kukankha nthambiyo, koma zinali ngati kukankha khoma. Dzuwa linakwera, nyerere zinayamba kuwayenda m'khosi. Ululu unalipo, koma chimene chinawaliza si mwendowo. Anaganiza za nyumba yawo, chitseko chokhoma, mbaula yozizira, n'kuona kuti panalibe munthu ndi mmodzi yemwe amene akanafunsa kuti bwanji bambowa sanabwere. Linali Lachinayi. Foni ya ana inali ya Lamlungu. Anaitana akazi awo monga ankawaitanira kale, ngakhale ankadziwa kuti sayankha.

Dzuwa litatsala pang'ono kufika pamutu, anamva kulira kwachilendo, kwa chitsulo chopyapyala chikuvinavina paphewa la munthu. Ankakudziwa kulira kumeneko. Alamu awo anatulukira m'mitengo akupuma wefuwefu, atasenza macheka a zigwiriro ziwiri aja, amene anadzera kukawatenga ku shedi kuja.

"Mwadziwa bwanji?" anafunsa a Chitsa, mawu atasasa.

Alamuwo anali kale kalikiliki kutsamiritsa nthambiyo ndi miyala ndi zipika kuti isawakhalirenso. Anayankha osawayang'ana.

"Masabata asanu ndi limodzi ndakhala ndikumvetsera chimakina chanuchi ndili pakhonde panga. Chikalira, mtengo umagwa, kenaka chimaliranso posadza nthambi. Lero mtengo wagwa, koma sichinalirenso. Ndinati mwina petulo watha. Ndinadikira, ndinadikira, mtima n'kukana."

"Tsiku lililonse?"

"Nanga ndikanatani? Woyang'ana kumwamba munamuthamangitsa, ndiye ndimangoyang'ana ndi makutu." Anagoneka mano a macheka panthambi, nalozetsa chigwiriro china kwa a Chitsa. "Ndekha sindingathe, mukudziwa. Gwirani uko."

A Chitsa anatambasula manja ali chigonere. Chigwiriro chinalowa m'chikhatho mwawo ngati sichinachokemo.

"Koma musakankhe, alamu."

"Sindikankha," anatero a Chitsa, misozi ikutsikira m'makutu. "Kokani, ine ndikutsatani."

Anakoka, nafewetsa manja, nakokanso. Utuchi unkawagwera pankhope. Nthambi itaduka, alamuwo anaitukula ndi mtengo wolimba, a Chitsa n'kusolola mwendo.

Mwendowo unapola mokhota, ndipo a Chitsa sanagwetsenso mtengo ndi manja awo. Atatuluka m'chipatala, awiriwa anabwerera ku sitolo ija atanyamula tcheniso yaikulu ya lilime lopindika. Mayi uja sananene kuti ndinakuuzani. Anangotsitsa yapakati ija n'kufunsa kuti, "Woima patali alipo tsopano?"

"Ndine," anayankha a Chitsa.

Masiku ano alamu ndiwo amacheka. A Chitsa amaima poonekera atatsamira ndodo, maso kumwamba, ndipo mtengo ukayamba kupendeka amakweza chipewa kuti mnzawo athawe. Akapuma amatulutsa makapu onse awiri. Nyumba ya a Chitsa idakali ya zii, ndipo mpando wa akazi awo aja ulibe wokhalapo, koma tsopano pali munthu amene amadziwa akachedwa kubwera. Akuluakulu sananame: kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu.