Mkamwini ndi Ngodya ya Mavu

Panali munthu wina amene anakakwatira kumudzi kwa eni, nakhala mkamwini. Apongozi ake anamupatsa munda wa katondo, namuuza kuti, "Bambo, mwana wathu asamagone ndi njala." Iye anamva bwino lomwe: nkhokwe ikakhala yopanda kanthu, adzanyamula kachikwama kake n'kubwerera kwawo.

Poopa kutchedwa mlesi, ankasesa mundawo ngati pabwalo. Mapesi ankawaunjika n'kuwatentha. Nandolo wa mkazi wake, akangomaliza kuthyola, ankamuzula ndi mizu yomwe. Odutsa ankayamikira ukhondowo, koma paja chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Chimanga chinkamera chopinimbira, masamba ofiirira m'mbali, ngakhale ankathira feteleza wokwanira. Patatha zaka ziwiri, apongozi anayamba kuyankha moni wake atayang'ana kumbali.

Tsono pangodya ina ya munda mavu anamanga chisa pa nandolo. Atamuluma kamodzi, mwamuna wolimba uja sanapondeponso chilimwe chonse. Mapesi ndi masamba a nandolo anawolerana pomwepo. Mvula itagwa iye anangodzalapo mothamanga poopa mavuwo, ndipo chimanga cha pangodyapo chinabiriwira, chinzake chonse chili chofiirira.

Anagwada, nafukula ndi dzanja. Dothi linali lofewa, loderako, lodzaza nyongolotsi. Mbewu inali yomweyo, feteleza yemweyo. Pamenepo anazindikira kuti chakudya cha mbewu sichinkasowa m'mundamo. Katondo ankachifumbata, ndipo mizu ya nandolo ndi zowolerana ndizo zinkamufumbatula.

Atakolola, machesi anawasiya kunyumba. Mapesi anawagoneka m'mizere, ndipo mvula itabwera anadzala nandolo pakati pa chimanga munda wonse. Alamu ake anaseka: "Alamu, kodi khasu lathyoka?" Mawuwo anamulasa mtima, pakuti dzina la ulesi ndilo ankaliopa koposa. Koma anangoti, "Ayi, munda ukudya."

Chaka chotsatira nkhokwe inafika pakati. Chinacho inadzaza, ndipo apongozi ndiwo anayamba kupereka moni.

Inu amene mukundimva, chakudya chimene katondo amafumbata alangizi amachitcha fosiforasi. Moto umasiya phulusa louluka ndi mphepo, koma zowolerana zimakhalitsa n'kumachimasula pang'onopang'ono. Ndimamva chisoni ndikaona utsi m'minda mwathu. Musanayatse machesi, dzifunseni kuti mukusesera ndani: odutsa m'njira, kapena ana anu? Mnzathu uja anachita kulumidwa ndi mavu kuti aphunzire. Inu musadikire mavu.