Galu Womangidwa Kuseri kwa Nkhokwe

Kalekale, m'mudzi wina wa kuchigwa, kumene dothi limawotcha mapazi nthawi yachilimwe, kunali mwamuna wina dzina lake Malizani. Analibe mkazi, analibe mwana, anali ndi galu basi, dzina lake Ndilekeni. Kumunda anali limodzi, kudambo limodzi, pakhonde limodzi.

Tsiku lina m'mamawa kunamveka mfuu ya maliro kutsidya kwa dambo. Malizani anali mmodzi wa adzukulu, aja okumba manda. Poti galu sapita kumanda, anam'manga kuseri kwa nkhokwe, pamthunzi wozizira bwino, namuikira madzi m'phale.

"Undidikire pompano, sindichedwa," anatero.

Koma kumandako nthaka inali gwa! Anakumba, napeza mizu. Anakumbanso, napeza miyala. Anakumba kachitatu, khasu linaguluka. Dzuwa linafika paliwombo, kenaka linapendeka.

Malizani atatuluka m'dzenje kuti apumeko, anapita patsinde pa mtengo pamene anasiya malaya ake m'mawa. Anawapeza ali padzuwa, akutentha ngati angophulidwa pamoto. Mthunzi unali utasamukira mbali ina. Pomwepo anakumbukira galu wake. Ngati mthunzi wasamuka kuno, ndiye kuti kunkhokwe nako wasamuka.

Anathamangira kwa a Chimbalanga, mkulu wa adzukulu.

"Akuluakulu, ndiloleni ndifike kunyumba. Galu wanga ndam'manga, pano ali padzuwa."

"Iwe! Tisiye manda a munthu chifukwa cha galu? Tenga khasu."

Anatenga khasu, nabwerera m'dzenje. Anapemphanso, anamukaniza. Akupempha kachitatu, panafika a Dzoole, mkulu wake wa malemuyo, atanyamula madzi a okumba. Anamva zonse.

"Mulekeni apite," anatero a Dzoole motsitsa mawu. "Mng'ono wangayu atidikira, sapita kwina. Amene akupumayo ndiye sangadikire."

Malizani anathamanga. Anadutsa dambo osaona minga, osayankha moni, osacheuka. Pofika anapeza chingwe chitazengezeka pamwendo wa nkhokwe, phale litagudubuzika, galu ali thapsa padzuwa, lilime lili panja, akupuma wefuwefu. Anamuitana, osadzuka. Anamuimbira mluzu, osagwedeza ngakhale mchira.

Apo panatulukira Nachisale, mayi woyandikana naye, amene sanapite kumaliro poti anali ndi khanda.

"Kalanga ine, achimwene! Ndimamva kulira, koma ndimayesa akulirira inu."

Malizani anadula chingwe, natenga chikho kuti atsanulire galuyo madzi kukamwa.

"Ayi, musatero, atsamwa!" anakuwa Nachisale. "Tiyeni naye pamthunzi."

Anamunyamula mpaka patsinde pa mango. Anam'thira madzi a mumtsuko pamimba, m'khwapa ndi kumapazi. Nachisale ankam'kupiza ndi lichero, khanda lili kumsana. Madzi atatha, Malizani anathamangira kuchitsime. Anathira, anakupiza, anadikira. Galu anali chigonere.

"Kodi wapita?" anafunsa Malizani.

"Ikani dzanja panthiti. Mtima ukugunda?"

"Ukugunda, koma mothamanga."

"Ndiye thiranibe."

Patapita nthawi, kupuma kuja kunayamba kudekha. Khutu linagwedezeka. Ndilekeni anadzutsa mutu, nanyambita madzi m'chikhatho cha mbuye wake, pang'ono, pang'ono, pang'ono. Malizani anakhala pansi, misozi ili chuchuchu.

Galuyo anachira, koma mphamvu zake zakale sizinabwerere. Likangotentha dzuwa, ankatsalira m'mbuyo, akupuma movutikira, ndipo Malizani ankaima panjira kumudikira.

Mwamva, inu nonse oweta? Chiweto chomangidwa sichitha kudzisamutsa, sichitha kudzitungira madzi, sichitha kukuuzani kuti chikupsa. Musanachoke pakhomo, ganizani kumene dzuwa lidzakhale masana. Ikani madzi ambiri m'chiwiya chosagubuduzika, ndipo muuzeko mnansi kuti azisuzumira. Ulendo umene mukuti simuchedwa ndi womwe umachedwetsa.

Nthano yanga yathera pamenepa. Amene anakwirira mbatata paphulusa akaifukule, isanasanduke khala.