Mtondo Wakale wa a Mvuu

Kalekale, ana inu ndi akulu omwe, nyama za kudambo la Chimbwazi zinali ndi nkhokwe imodzi ya onse. Wofuna kuthiramo ankathiramo, wofuna kutapa ankatapa, n'kukasinja mu mtondo wakewake. Woyang'anira nkhokweyo anali Gologolo, ndipo ntchitoyo ankangogwira mongodzipereka.

Vuto linali a Mvuu. Kulima sankalima, koma potapa ankabwera ndi dengu loposa onse. Mtondo wawo unali wosiyidwa ndi agogo awo, wong'aluka uku ndi uku. Ukayamba kutaya mphale, a Mvuu ankafika pakhomo pa Gologolo n'kumakalipa kuti chimanga cha m'nkhokwe n'choipa. Gologolo ankapita kukasaka phula, njuchi n'kumuluma, iye n'kumata mng'aluwo. Mawa mng'alu wina. Kusaka phula, kulumidwa, kumata. Kusaka phula, kulumidwa, kumata. Nkhope inatupa mpaka ana ake ankamuthawa.

Tsono kunabwera mbewu ina ya maso olimba, imene anankafumbwe ankailephera. Nyama zonse zinaifuna, pakuti chimanga chawo chakale chofewa chinkasanduka fumbi mvula isanagwe, ana n'kumagona ndi njala. Gogomole, mbalame yosema ija, anasema mitondo yatsopano yotha kusinja mbewu yolimbayo n'kugawa ulere. Onse analandira. A Mvuu okha anakana. Anati mtondo wawo sunawakhumudwitsepo, ndipo wosintha mbewu adzaona kutalika kwa mano awo.

Gologolo anawanyengerera. Anawapatsa nthawi mpaka kukolola kwina kuti akonzeke. Nthawi itakwana, a Mvuu anati iwo sanamvepo zimenezo. Gologolo anakwera mumtengo, analuma mchira wake ndi ukali, kenaka anatsika n'kuitanitsa msonkhano.

Onse atakhala pansi, iye anaima mwaulemu. "Pali ena akunong'ona kuti mtondo wa a Mvuu ukukhalira phula langa. Ine zandipweteka. Akulu, ayankheni nokha."

A Mvuu anafufuma. "Phula la chiyani? Kamwana aka kamangopaka pofuna kutchuka. Mtondo uwu ungasinje ngakhale miyala."

"Ndiye ndisiye kumata, akulu?"

"Siya lero lomwe."

Gologolo anafunsanso ngati chimanga cholimbacho sichingawavute. A Mvuu anati achibweretse pomwepo, onse aone.

Anathira chimanga, a Mvuu anagwira munsi. Gu! Phula lakale linathothoka. Gu! Mtondo unalira kuti ng'aa. Gologolo anawauza motsitsa mawu kuti mwina apumule kaye, poti mtondowo ndi wachikulire. Mawu amenewo ndiwo anawapsetsa mtima. Anakweza munsi ndi mphamvu zonse. Phwaa! Mtondo pawiri, munsi pachala, chimanga mbwee, nkhanga n'kumatola.

A Mvuu anakhala pansi atagwira chala, n'kufunsa chapansipansi ngati Gogomole watsala ndi mtondo wina. Unalipo. Chaka chimenecho nyama zonse zinabzala mbewu yolimba, ndipo nkhokwe inafika nayo mpaka masika.

Koma m'mawa wina Gologolo anamva kugogoda. A Mvuu ali pakhomo, nkhope ili ndwii. Anati mtondo watsopanowu ukusinja msanga, munthu sakupeza ndi mpata wocheza. Gologolo anawayang'ana, anawayang'ananso, n'kutseka chitseko pang'onopang'ono.

Nthano yanga yathera pamenepo. Inu amene mumakonda kumata mitondo ya eni ake, dziwani kuti mukamata bwino kwambiri, mwini wake amayamba kuyamikira mtondo.