Thonje Atasiya Kudya

Kashopu ka a Mawotchi kadali kopanikizika pakati pa malo ometera tsitsi ndi sitolo ya utoto, kakang'ono koti anthu awiri akalowa, wachitatu ankayankhulira pakhomo. Khoma lonse lidali mawotchi okhaokha, iliyonse ikunena nthawi yakeyake ngati mboni zosapangana. Mwini wake ankakhala pakati pa phokoso limeneli, galasi lokuzira zinthu lili padiso, akutola timano ta wotchi tochepa kuposa njere ya therere. Dzina lawo lenileni anthu adaliiwala kalekale. Msewu wonse unkawaitana ndi ntchito yawo.

Bambowa adali ndi lamulo limodzi limene sankaliphwanya: wotchi yodwala saitsegula tsiku lomwelo. Ankaiika pashelefu, kuimvetsera, kuisiya iyende mpaka iulule yokha pamene pakupweteka. "Tiisiye kaye, tione," ankatero kwa aliyense. Kunena zoona, lamuloli ndi limene lidawapatsa mbiri, pakuti mawotchi ambiri amene ankafika atafa adali ophedwa ndi anthu aphuma. Achemwali awo, amene ankasoka zovala pakhonde la kashopuko, sankatopa kuwaseka. "Inu achimwene, nyumba itayaka mungati tiisiye kaye tione ngati ndi moto weniweni."

Kunyumba adatsala ndi mwana mmodzi, wotsiriza, amene aliyense ankangomuti Mzime. Mayi ake atamwalira, mtsikanayu adangoti zii, mawu ochita kukoka ndi chingwe. Azakhali ake aja ndiwo adamubweretsera tiakalulu tiwiri m'katoni, woyera n'kumutcha Thonje, wotuwa Phulusa. Tinyamati ndi timene tidabweza kuseka m'nyumba muja. Choncho Mzime atapeza malo kusukulu ya unamwino, kutali ndi kwawo, adalira kwambiri pakhola kuposa pakhomo.

"Ababa, udzu usamasowe m'kholamu," adatero akupukuta misozi. "Ndipo wina akangosiya kudya, musadikire mawa. Mupite naye kwa adokotala a ziweto tsiku lomwelo."

"Ndalera ana mpaka ena kukwatiwa, ndiye andikanike amakutu awiriwa?" adayankha bambo ake. "Pita ukaphunzire. Udzawapeza atanenepa."

Pasakhale wonena kuti a Mawotchi adawanyanyala akaluluwo. Ayi ndithu, adawakonda mpaka kupitirira. Nyumba itatsala yopanda woyankhula naye, ankakokera mpando pafupi ndi khola pomwa tiyi, n'kumawafotokozera za makasitomala ovuta. Tsiku lina adaponyamo kachidutswa ka buledi, akaluluwo n'kukalimbirana. Mtima wa bambo udasungunuka. Kuyambira pamenepo buledi ndi mabisiketi zidakhala za tsiku ndi tsiku, udzu n'kumachepa, pakuti kukaumweta kuseri kwa bwalo la mpira kunkafuna mawondo, ndipo awo adali atayamba kudandaula.

M'mawa wina Phulusa adathamangira buledi monga mwa nthawi zonse, koma Thonje adangokhala pakona atadzipinda, makutu ali gone kumsana. Adamuikira tsamba la kabichi pamphuno, iye n'kutembenukira kukhoma. Mawu a Mzime adawabwerera bwinobwino. Komabe dzanja lozolowera limaposa khutu. "Mwina wakhuta," adadziuza. "Timusiye kaye, tione."

Atawafotokozera achemwali awo kushopu, makina osokera adaima.

"Mwana uja ananena chiyani pochoka? Tsekani pano mupite naye."

"Ndipite naye ndikanene kuti chiyani? Kuti wakwiya? Madokotala akaona chinthu amathamangira jakisoni, ngati anyamata a pamsika amene amatsegula wotchi ndi mpeni. Ndionetsetse kaye chimene chikumuvuta."

"Ameneyo si wotchi, achimwene."

"Chilichonse choyenda chimafuna kuchimvetsera," adatero, n'kubwezera galasi padiso.

Madzulo adamuyang'anitsitsadi, monga katswiri. Adaona kuti timibulu ta ndowe m'kholamo tachepa, ndipo tina n'tating'ono, touma. Adamva Thonje akukukuta mano pang'onopang'ono. Adaika khutu pamimba pake, osamva kalikonse kakuyenda. Zizindikiro zonse adazisonkhanitsa mwaluso, koma m'malo moti zimuthamangitse munthu, zidangowapatsa chidwi choti aonenso mawa. Dzuwa lisanalowe foni idalira. Adali Mzime, mawu ali otopa ndi mayeso.

"Ana anga ali bwanji, ababa? Akudya?"

A Mawotchi adayang'ana pakona paja. Adaganiza za mwana wawo ali yekha kutali, mabuku ali mbwee pabedi, ndipo adamumvera chisoni. "Ali bwino, mama. Iwe limbikira mayeso." Lidali bodza lachikondi, koma bodza ndi bodza, ndipo tiyi wa tsiku limenelo sadawakomere.

Kutacha adapeza Thonje atagona cham'mbali, makutu ali zii kuzizira. Pamenepo ndiye lamulo lidathawa. Adamukulunga m'juzi yawo, kumuika m'katoni, n'kuthamanga ndi mawondo omwe aja ankati sangafike kuseri kwa bwalo. M'basi adalowetsa dzanja m'katonimo, akusisita ubweya wofewawo, akunong'ona ngati akunyengerera khanda. Adamva kamtima kakugunda mofulumira pansi pa chala chawo, kenako mwapatalipatali. Munthu amene moyo wake wonse wakhala akumvetsera kugunda kwa tinthu tating'ono sadafunikire womuuza pamene kadaleka.

Adokotala a ziweto, mayi wofatsa wovala magalasi, adamugwira Thonje pamimba n'kupukusa mutu.

"Anasiya liti kudya?"

"Dzulo m'mawa. Ndimati ndione kaye."

"Mumawapatsa chiyani?"

Atamva za buledi ndi mabisiketi, mayiyo sadakalipe. Adawapatsa mpando. "Bambo, ndikuona kuti mumamukonda. Koma matumbo a kalulu amayendera udzu, ndipo sayenera kupuma. Akasiya kuyenda, nyamayi imamva ululu woopsa, kungoti siilira. Imabisa matenda mpaka mphamvu zitatha. Mukanabwera dzulo, tikanalimbana nazo. Kunyumba kwatsala wina?"

A Mawotchi sadadikire kuti funsolo lithe. Pofika masana adali atabweranso ndi Phulusa. Nayenso mimba idali itayamba kuuma, ngakhale ankaoneka wanthanzi. Adokotala adamubaya jakisoni wa ululu, kumumwetsa madzi, ndipo adawaphunzitsa bambowo kumudyetsa udzu wosinja ndi kampopi kopanda singano, pang'onopang'ono, m'mbali mwa kamwa. Zala zozolowera timano ta wotchi zidaigwira ntchitoyo mosavuta. Potuluka, adokotala adafunsa ntchito imene amagwira, ndipo atamva adamwetulira mwachisoni. "Ndiye chifukwa chake. Wotchi ikaima imakudikirani m'dilowa ngakhale chaka. Awa sadikira."

Thonje adamuika pansi pa mtengo wa mandimu kuseri kwa nyumba. Achemwali awo adabwera, n'kugwira nawo khasu. Chimene chidatsala chidali chovuta kuposa kukumba. A Mawotchi adaitembenuza foni m'manja kambirimbiri, mtima ukuwanyenga kuti adikire mayeso athe. Adazindikira kuti ndi mawu omwe aja atavala malaya ena, ndipo adaimba.

Mzime adamvetsera zonse osadula mawu. Kenako adafunsa, "Anafa ali yekha?"

"Ayi, mama. Anali m'manja mwanga."

"Dzulo lija munali mukudziwa?"

"Ndinali ndikuona. Ndimaopa kukusokoneza."

"Ababa, mayeso amalembedwanso," adatero mwanayo, n'kuyamba kulira. Sadawanyoze, sadawakalipire, ndipo zimenezo n'zimene zidawapweteka koposa. Bambo wamkulu adakhala pansi pakhonde n'kulira naye limodzi pafoni.

Phulusa adachira. Kwa kanthawi ankakhala pakona pamene ankagona mnzake, akununkhiza pansi, ndipo a Mawotchi ankalephera kumuyang'ana nthawi yaitali. Buledi sadalowenso m'kholamo. Masiku ano kashopu kaja kamatsegulidwa mochedwa, pakuti mwini wake amayamba wapita kukamweta udzu, akutsimphina ndi thumba paphewa, kenako amagwada pakhola kuona ngati Phulusa wadya ndiponso ngati timibulu tagwa. Makasitomala amaseka kuti wokonza nthawi ndiye wosasunga nthawi, iwo amangoseka nawo. Mawotchi amawasiyabe pashelefu kuti ayende kaye, chifukwa kumeneko lamulolo n'labwino. Koma Mzime akaimba n'kufunsa ngati Phulusa akudya, bambowo akayankha, iye amayamba kaye wakhala chete pang'ono, ngati akuyesa kulemera kwa yankho, ndipo kachete kameneko bambo ake amakamva mpaka m'mafupa.

Kudekha ndi chuma, palibe angatsutse. Koma pali zinthu zina zimene ukamaziyang'anitsitsa zimakhala zikutha uli pomwepo. Mbusa wina adaona chinthu chikulowa m'khola, m'malo mokuwa adati ayambe waona bwino ngati ndi fisi kapena galu wa mnansi, ndipo pamene ankatsimikiza, m'kholamo mudatsala ubweya wokha. Akuluakulu sadaname: ndionetsetse adathetsa nkhosa.